Zikhadabo za a Anselmo

Gitala ndi chinthu cha munthu mmodzi, ngakhale mwana amadziwa. Koma m'chipinda nambala 14 cha nyumba ina yosungiramo okalamba ku Thamesmead, mumzinda wa London, gitala imodzi inkaimbidwa ndi amuna awiri, ndipo mukanasuzumira pakhomo mukanaseka. A Anselmo, nkhalamba ya ku Spain, ankakhala pa njinga yawo ya olumala atakumbatira gitalayo, dzanja lamanja lili pa nsambo. Kumanzere kwawo, pa kampando kochepera munthu wamkulu, pankakhala Reinford Kachingwe wa ku Chilomoni, ali mu yunifolomu yabuluu, msana atapinda, dzanja lake lamanzere litagwira khosi la gitala. Wina ankakanikiza nsambo, wina ankakodola. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, n'zoona, koma akuluakulu ponena mwambiwu sankaganiza kuti chala chinacho chikachita kubwerekedwa kwa munthu wa dziko lina.

A Anselmo anafika ku London mu 1963 kudzatsuka mbale, kenaka n'kukhala zaka makumi atatu akuimba flamenco, nyimbo za kwawo kumwera kwa Spain, mu lesitilanti ina imene pano inasanduka sitolo ya mafoni. Sitiroko itawagwira inatenga mbali yonse ya kumanzere, n'kuwasiyira dzanja lamanja ndi pakamwa. Pakamwapo ndiye panatsala pamphumphu. Ankatukwana m'zinenero ziwiri, moti ogwira ntchito m'nyumbamo anangomvana popanda msonkhano kuti nambala 14 ndi ya Reinford.

Reinford naye anali ndi mbali yake yofa. Ku Blantyre anali mphunzitsi wa ku sekondale, munthu wopatsidwa mpando ngakhale pamaliro. Anatsatira mkazi wake Marjorie, amene anapeza ntchito ya unamwino ku London mu 2003, ndipo mapepala ake a uphunzitsi anakathera pansi pa sutikesi. Tsopano, patatha zaka zitatu, ankasambitsa okalamba, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Ntchitoyo sankadana nayo, koma inkamudya pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse akakwera basi ya 177 ku Plumstead ankadziwa kuti atapanda kufika, pofika 9 koloko apeza wina wovala yunifolomu yomweyo, ndipo palibe angafunse.

Gitalayo anaipeza pamwamba pa wodiropu tsiku lina akusintha nsalu za pabedi. Poti kalelo ankaimbako ku kwaya ya achinyamata, anaitsitsa n'kuyesa kakolasi kena ka kutchalitchi. Nkhalamba inamvetsera mpaka kumapeto, nkhope itakwinyika.

"Dzanja lako lamanja ndi fosholo," anatero a Anselmo m'Chingerezi chawo chokhotakhota. "Koma lamanzerelo ndikhoza kubwereka. Kokera mpando kuno."

Umo ndi mmene zinayambira, ndipo zinapitirira miyezi isanu ndi itatu, mphindi makumi awiri tsiku lililonse, pa nthawi imene Reinford anayenera kukhala akumwa tiyi ndi anzake.

A Anselmo ankaimba mwachikale, ndipo ankafuna kuti munthu adziwe zimenezo asanamve n'komwe. Gitala ankaiimika pa ntchafu, mutu wake utaloza kudenga. Ntchito yaikulu inali ya chala chachikulu, chimene chinkagwera pa nsambo zikuluzikulu mwamphamvu, mawu ake ouma, opanda zokometsera. Akafuna, zala zinazo zinkatambasuka chimodzichimodzi mothamanga, gitala n'kubangula, kenaka zii. Kukhala chete kumeneko nakonso ankati ndi nyimbo. Mtundu wa nyimbo umene ankaukonda unkatchedwa soleá, woyenda pang'onopang'ono, wowerengedwa kufika pa khumi ndi ziwiri n'kuyambiranso. Reinford ankasochera pa zisanu ndi zitatu mwezi wathunthu, ndipo analandira chipongwe chokwanira mwezi wathunthu.

"Ukuthamangira kuti? Basi yako ikusiya?" ankafunsa a Anselmo. "Kwanu anthu akamaimba pamaliro amathamanga?"

"Ayi, bambo. Amakoka."

"Ndiye koka, mbuzi iwe."

Tsiku limene anafika pa khumi ndi ziwiri limodzi ndi nkhalambayo, Reinford anatuluka m'chipindamo n'kukalirira ku chimbudzi cha ogwira ntchito, osadziwa chimene akulira.

Za oimba amakono ndiye musawayambe a Anselmo. "Amasanjikiza mwendo pa unzake ngati akudikira dokotala," ankatero, "gitala n'kuigoneka. Zala zimangoti balala ngati nkhuku zowazidwa chimanga. Mawu chikwi, osanenapo kanthu. Amabwereka makodi a jazi, ndipo ena amamata zikhadabo zapulasitiki ngati akazi opita ku ukwati." Reinford ankangovomera, poti anali asanamvepo woimba wamakono aliyense. Patapita nthawi ndi pamene anazindikira kuti oimba amakono onsewo anali munthu mmodzi, dzina lake Ramiro, mwana yekhayo wa a Anselmo.

Ramiro anabadwira ku London, anaphunzira gitala pa miyendo ya bambo ake, kenaka atakula anapita ku Madrid n'kuyamba kuimba mwina. Atabwera kudzachita konsati yake yoyamba mumzinda umene anabadwira, bambo ake anadzuka pakati pa nyimbo, anthu akuona, n'kutuluka. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa. Mayi ake a Ramiro atamwalira, awiriwo anaima pa manda amodzi osalankhulana. Tsopano dokotala anali atanena kuti mtima wa a Anselmo watopa, sufika patali, ndipo manejala wa nyumbayo anaimba foni ku Madrid. Ramiro anayankha kuti abwera Loweruka lachiwiri la Okutobala, masana okha, chifukwa Lamulungu m'mawa anali ndi ndege.

"Kupepesa sindingathe," a Anselmo anamuuza Reinford. "Pakamwa panga sipanapangidwire zimenezo. Koma pali kachidutswa ka soleá kamene bambo anga anandipatsa, iwo anakalandira kwa amalume awo. Sikanalembedwe, sikanajambulidwe. Mnyamatayo anandipempha kawiri, ndinamumana. Loweruka timupatsa."

Kachidutswako Reinford ankakadziwa, chifukwa ndi kamene ankatsekera masiku onse. Kankatenga mwina theka la mphindi. Chala chachikulu chinkatsika, n'kukwera ndi kumsana kwa chikhadabo, n'kutsikanso, ndipo nsambo zinkamveka ngati anthu awiri akukangana motsitsa mawu m'nyumba ya siwa. Kuyambira tsiku limenelo Reinford ankadzuka ndi Loweruka m'mutu, n'kugona nalo. Kwa nthawi yoyamba chibwerere ku London, panali chinthu chimene sichikanatheka popanda iye.

Tsono zonsezi zinkadalira zikhadabo. Woimba flamenco amasunga zikhadabo za kudzanja lamanja, zopitirira pang'ono nsonga ya chala, cha chala chachikulu chotalikirapo, ndipo amazisamala kuposa mmene ena amasamalira ana awo. Za a Anselmo zinali zachikasu, zolimba ngati nyanga. Kawiri pa sabata Reinford ankazipala ndi katupa, n'kuzisalaza ndi sandipepa wofewa, nkhalamba ikulamula kuti apa chotsa pang'ono, apo usakhudze. Akamaliza ankaliveka dzanjalo golovesi yaubweya, ndipo aliyense wosuzumira ankangoti madalawo amamva kuzizira.

Lamulo la nyumbayo linali lakuti zikhadabo za okalamba zizikhala zazifupi, kuti asadzikande. Reinford akanatha kupita kwa manejala, kufotokoza, nkhaniyo n'kulembedwa mu fayilo ya a Anselmo kuti aliyense adziwe. Sanapite. Ankaopa kuti akafunsa ayankhidwa kuti ayi. Komanso, tinene zoona, anali ndi manyazi. Mlamu wake Etta, mkulu wake wa Marjorie, anali atangofika kuchokera ku Zomba kudzachita kosi, ankakhala nawo ku Plumstead, ndipo Reinford yemweyo ndi amene anamupezera maganyu m'nyumba ya okalambayo. Etta anali mayi wakhama, wa mtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Lamulungu lililonse ankagula khadi ya foni n'kufotokozera abale onse za ku London. Reinford ankachita kumva m'makutu mwake: aphunzitsi aja ku UK akupala zikhadabo za madala, atawagwira dzanja ngati chibwenzi. Ndiye anatseka pakamwa, kunyumba ndi kuntchito komwe.

Lachinayi la sabata yobwera Ramiro kachidutswa kaja kanatuluka bwino kuposa masiku onse. Kunja kunkawaza mvula, nyumba zosanjikizana za ku Thamesmead zili mbuu, ndipo gogo wina wa m'chipinda choyandikana anaima pakhomo ndi ndodo zake mpaka nyimbo inatha.

"Lero sunandichititse manyazi," anatero a Anselmo, ndipo kwa iwo amenewo anali mayamiko aakulu. "Koma nsambo izi zatha mawu. Mawa ukagule zatsopano, zigone pa gitala usiku umodzi kuti zikhazikike."

Nsambo za mtundu umene ankafuna zinkapezeka m'tauni mokha, kufupi ndi Charing Cross. Reinford anapempha Etta kuti asinthane.

"Alamu, mundigwirire shift ya mawa, nambala 14 yomwe. Ndili ndi ka appointment m'tauni."

"Madala otukwana aja? No problem. Paja ndamva mwana wawo akubwera Loweruka?"

"Eya. Akamwa mankhwala awo after lunch amagona okha. Musavutike nawo, basi."

Anali ndi mpata wonse wonena mawu atatu okha, akuti dzanja lamanja musalikhudze. Anawameza.

Lachisanu anabwerako m'tauni cha m'ma 4 koloko, kaphukusi ka nsambo kali m'thumba la jekete, mtima uli m'malo. Chakudza sichiimba ng'oma. Atatsegula chitseko cha nambala 14 anamva fungo la sopo ndi mafuta odzola. A Anselmo anali pa njinga yawo pafupi ndi zenera, atametedwa ndevu, tsitsi litapesedwa bwinobwino, atavala shati yoyera yositidwa. Ankaoneka ngati mkwati. Golovesi ija inali itachapidwa, itayanikidwa pa chitsulo chotenthetsa m'chipinda. Dzanja lamanja linali pa bondo ndipo iwo ankaliyang'ana. Zikhadabo zonse zisanu zinali zitawengedwa mpaka pa mnofu, mwaukhondo, mwaluso, popanda ngakhale kachilonda.

Sanatukwane, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Reinford kuposa zonse.

"Ndinagona," anatero motsitsa. "Chiyambire ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, zikhadabo zimenezi sizinawengedwepo. Ndinangogona pang'ono."

Reinford anakamupeza Etta m'chipinda chochapira, akupinda matawulo, akuimba chamumtima.

"Mwawaona madala anu? Awala eti?"

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Chiyani nanga? Ndawasambitsa, ndawameta. Koma zikhadabo zija ndiye ayi, alamu, ndinachita manyazi m'malo mwanu. Ngati za kabawi! Mwana wawo akanabwera n'kuona zimene zija, akanati chiyani? Akanati anthu akuda aja sakuwasamala bambo anga. Ine bambo anga ndinawadwazika zaka ziwiri ku Zomba, palibe tsiku limene mlendo anawapeza ndi chikhadabo chachitali."

"Amaimbira gitala zimene zija! Mawa amafuna kumuimbira mwana wawo. Bwanji osafunsa? Safunsa anadya phula!"

Etta anaika thawulo pansi. "Ndinafunsa care plan. Ndinaiwerenga yonse, page by page. Yalemba kuti nails short. Inuyo dzulo munandiuza chiyani? Munati basi." Kenaka nkhope yake inagwa, poti anali munthu wachifundo. "Mayo ine. Koma munthu wofa dzanja amaimba bwanji gitala?"

"Dzanja linalo ndi langa."

Etta anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke, ndipo kusaseka kwakeko kunamupweteka Reinford kwambiri, chifukwa chinthu chimene anachiopa masiku onsewa sichinalipo n'komwe. Mkwiyo unamuthera pomwepo, poti woyenera kumukwiyira anali iye mwini.

Madzulo kunyumba chakudya chinazizira pa tebulo. Marjorie anamva nkhani yonse asanavule n'komwe nsapato za kuntchito.

"Eight months ukuimba gitala, ine mkazi wako osandiuza?" anafunsa. Kenaka anayankhula ngati namwino. "Kwa munthu wa zaka zimenezo, zikhadabo zimafuna two, three months. Palibe mankhwala ake."

"Ku Woolwich amagulitsa zomata," anatero Etta, maso ali ofiira. "Za ku saluni zija. Mwina zingathandize."

Madzi akatayika saoleka, koma munthu amayesabe. Loweruka m'mawa Reinford anatsika basi ku Woolwich, n'kulowa m'sitolo ya zodzikongoletsera za amayi, mwamuna yekha pakati pa mawigi, n'kugula kapaketi ka zikhadabo zapulasitiki ndi guluu wake. Anazitulutsa pamaso pa a Anselmo akuyembekeza kulavulidwa. Nkhalamba inaziyang'ana, inayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kutambasula dzanja. Kuona munthu wonyada chotero akulandira chinthu chimene anachinyoza moyo wake wonse kunali komvetsa chisoni kuposa kumuona akulira. Reinford anamata, anadula, anapala. Atayesa, mawu anatuluka, koma anali mawu a munthu wina, opyapyala, akuti khwe-khwe ngati supuni m'kapu yapulasitiki. Chala chachikulu sichinkamva pamene nsambo ili.

"Zikwana," anatero a Anselmo. Onse awiri ankadziwa kuti ndi bodza.

Ramiro anafika nthawi itangokwana 2 koloko. Anali bambo wa zaka makumi anayi, tsitsi lalitali lomangidwa kumbuyo, nkhope ya bambo ake yeniyeni koma yofewa. Anawapsompsona pamphumi, anakhala pa bedi, n'kuyamba kukamba za ndege ndi za mvula. Nkhanizo zinawathera msanga. A Anselmo anamuitana Reinford ndi mutu.

"Uyu ndi dzanja langa lamanzere," anamuuza mwana wawo. "Khala chete, umve."

Reinford anakokera kampando kake. Anaona Ramiro akuyang'ana zala za bambo ake, maso n'kuima pa pulasitiki, kenaka n'kuthawira pansi. Anayamba. Kuzungulira koyamba kwa khumi ndi ziwiri kunadutsa, kotsimphina koma kunadutsa. Kwachiwiri kunadutsanso. Kenaka inafika nthawi ya kachidutswa kaja. Chala chachikulu chinatsika, ndipo pobwerera m'mwamba chikhadabo chapulasitiki chinakodwa ku nsambo, chinamatuka, n'kuuluka kukagwera pafupi ndi nsapato ya Ramiro. Chala chinapitiriza ndi mnofu wokhawokha, ndipo gitala inangoti fu, fu, fu, ngati munthu wolankhula atatsekedwa pakamwa ndi pilo.

A Anselmo anayesa kachiwiri. Anayesa kachitatu. Kenaka anagoneka dzanja pa nsambo kuti zikhale chete.

Ramiro anatola kapulasitikiko, n'kusowa kochita nako, n'kukaika pa tebulo pafupi ndi kapu ya madzi. "Zinali bwino, Papa," anatero, ndi mawu aja amene anthu amalankhulira ana ndi odwala.

"Usandinamize m'chipinda changa chomwe. Tenga. Imba zakozo, ndimve."

Ramiro anatenga gitala, anasanjikiza mwendo pa unzake, n'kuigoneka. Reinford anakaima pafupi ndi chitseko atakonzeka kudana nazo, poona kuti ndi zokhazo zimene zinatsala zoti awachitire a Anselmo. Sizinatheke. Mawu oyamba anatuluka ofewa, otakasuka, a mtundu umene Reinford anali asanamvepo pa gitala imeneyo. Zala zinkathamangadi, koma chilichonse chinkadziwa kopita. Nyimbo inkachoka panjira, kupita kutali mpaka munthu kuganiza kuti yasochera, kenaka n'kutulukira pamalo pake ndendende. Reinford anayamba kuwerenga chamumtima, n'kupeza kuti ndi soleá yomwe ija, ya khumi ndi ziwiri, ya chisoni chomwe chija, kungoti iyi inali ndi malo ambiri opumira. Ya a Anselmo inkakugwira pakhosi nthawi yomweyo. Ya Ramiro inkakusiya upume kaye, n'kudzakugwira utaiwala. Reinford anazikonda zonse ziwiri, ndipo anadzimva ngati wakuba.

Anayang'ana nkhalamba. Inali itatsinzina, chala chachikulu chopanda chikhadabo chikugunda pa bondo, kuwerenga. Inkasaka pamene mwanayo aphonye. Nyimbo inatha.

"Sunaphonye ngakhale kamodzi," anatero a Anselmo. Anatsegula maso. "Ndinkayesa ndili ndi kanthu kako. Ndilibe. Palibe chimene ukusowa kwa ine."

"Papa, kachidutswa ka agogo kaja..."

"Kanali kachabechabe. Ndakaiwala. Gitalayo pita nayo, kuno ingoonongeka. Ndatopa, ndigonekeni."

Reinford anawagoneka, n'kuthamangira Ramiro. Anamupeza pakhomo lotulukira, gitala ili m'bokosi lake.

"Bambo, musapite ndi maganizo amenewo. Lachinayi lomweli anakaimba, ine ndinali nawo. Zikhadabo zawo zinawengedwa dzulo mwangozi, wolakwa ndine. Mutabweranso pakatha miyezi iwiri..."

Ramiro anamwetulira mwachisoni. "Ndinalankhula ndi dokotala. Miyezi iwiri ndi yambiri." Kenaka anamuyang'ana Reinford. "Koma inu mukukadziwa, si choncho? Ndionetseni."

Mtima wa Reinford unadumpha. Anagwada pansi pomwepo, anatsegula bokosi, n'kuika zala zake pakhosi la gitala mmene anaphunzitsidwira: apa, kenaka apa, kenaka apa, n'kubwerera. Anachita mosamala, kawiri. Ramiro anayang'anitsitsa, ndipo Reinford anaona chiyembekezo chikuzima pankhope pake.

"Amenewo ndi makodi atatu amene mwana aliyense amayambira," anatero Ramiro mofatsa. "Zonse zinali kudzanja lamanja. Munaona mmene chala chinkayendera?"

Reinford anatsegula pakamwa. Miyezi isanu ndi itatu yonse maso ake anali pa zala zake zomwe, kuopa kuphonya. Dzanja linalo ankangolimva.

"Ayi," anatero.

Ramiro anatseka bokosi. Anamugwira chanza mwaulemu, anathokoza chifukwa chowasamala bwino bambo ake, anati akuoneka aukhondo kwambiri. Kenaka anapita kukadikira basi.

Lolemba Reinford analowa mu nambala 14 ali ndi mawu amene anawakonza Lamulungu lonse. Anati zikhadabo zimamera. Anati iye apeza gitala ina, nthawi ino adzayang'ana dzanja lamanja, adzabwereka kamera, adzajambula n'kutumiza ku Madrid. Anati apita lero lomwe kwa manejala kuti zilembedwe mu fayilo. A Anselmo anamvetsera osamudula, zimene anali asanachitepo. Atamaliza, iwo anatambasula dzanja. Zikhadabo zinayi zapulasitiki zinali zikadalipo.

"Chotsa izi."

Reinford anabweretsa kabeseni ka madzi ofunda, anaviika zalazo, n'kuyamba kumatula chimodzichimodzi. Pa chala chachikulu, kunsonga kwa chikhadabo chenicheni, kunali kamzere koyera kochepetsetsa, koti munthu achite kuyang'anitsitsa. Anakanyamulira kufupi ndi maso awo.

"Onani, bambo. Zayamba kale."

A Anselmo anayang'ana kamzereko, kenaka anatembenukira ku zenera.

"Wenga," anatero. "Ndipo uziwenga sabata iliyonse. Ukamuuze mayi uja kuti ali ndi dzanja labwino, sindinamve kalikonse."

Reinford anakhala pamenepo atagwira dzanja lonyowalo, akudikira kuti mwina amutukwana, apeze pogwira. Sanamutukwane. Belu la m'chipinda nambala 9 linayamba kulira. Anatsegula kabati, n'kutenga chowengera.